Yankho kwa achemwali pa za matenda a m'dothi aja

Ee, achemwali, uthenga wanu ndaumva. Ndiyankhe pompano pagulu kuti enanso amve. Mukuti amalume ku Domue akhala akutsokomola ndi kutentha thupi kwa nthawi ndithu, malungo ayeza sanawapeze, makhololo a TB nawonso sanaonetse kanthu. Ndiye mwaona pa Facebook za matenda ochokera m'dothi, mukufunsa ngati si amenewo.

Matendawo alipodi, si bodza la pafoni ayi. Dzina lake ndi melioidosis. Amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Burkholderia pseudomallei, amene amakhala m'dothi ndi m'madzi a matope kumayiko otentha. M'chilimwe amabisala pansi, mvula ikagwa amakwera pamwamba. Ndiye taganizani mmene amalume amagwirira kudimba kuja: buluku apinda mpaka m'maondo, nsapato asiya pamtunda, chidendene chili ming'alu yokhayokha, akuponda matope tsiku lonse. Khomo lake ndi lomwelo. Ena amalowera pakumwa madzi a pachitsime osaphitsa, ena pakupuma fumbi ndi timadontho ta mvula ya mkuntho. Kupatsirana munthu ndi munthu sikuchitikachitika, ndiye owasamala asaope.

Chimene chandiimitsa mutu ine ndi shuga wawo uja. Pafupifupi theka la anthu amene amapezeka ndi matendawa amakhala a shuga. Enanso ndi odwala impso, a mapapo, ndi okonda mowa kwambiri. Za kachasuzo ndisanene zambiri, mukuwadziwa amalume.

Tsono vuto lake lili apa. Matendawa alibe nkhope yawoyawo. Kwa wina amabwera ngati chibayo, kwa wina ngati TB yeniyeni, kuonda, thukuta la usiku. Wina chilonda chosapola, wina mafinya m'chiwindi kapena m'kapamba. Kayezedwe ka malungo ka pachala kaja sikangawaone. Pamafunika kutenga magazi, makhololo kapena mafinya, n'kuwasunga mu labu masiku angapo kuti kachiromboko kamere, akaone. Ndipo ngakhale kamere, wa mu labu amene sanakaonepo amatha kukataya, kuyesa n'chitsotso chabe chagwera m'mbale. Munthu amwalira, anthu n'kumati chinali chibayo, ena ayamba kulozana zala za ufiti.

Dokotala wina, Alfred Whitmore, anawapeza kalekale mu 1911 ku Rangoon, ku Burma. Kumene amadziwika bwino lero ndi kumpoto chakum'mawa kwa Thailand ndi ku Darwin ku Australia, chifukwa kumeneko amawafunafuna. Mu 2016 akatswiri anawerengera kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 165,000 amadwala padziko lonse, ndipo 89,000 amamwalira. Anatinso pali mayiko 34 amene mwina kachiromboka kalipo koma sanalembepo wodwala ngakhale mmodzi. Ineyo ndimaona kuti kusalemba si kusadwala, n'kusayeza basi. Pafupi pompa ku Blantyre anapeza mwana wamng'ono ali nawo mu 2011. Dothi silidziwa malire a pa Zobue kapena pa Dedza. Ngakhale ku America, ndi zipatala zawo zonse zija, anadzazindikira mu 2022 kuti kali m'dothi la ku Mississippi.

Ndiye chonde, achemwali, nkhani yogula makapisozi pamsika isiyeni. Kachiromboka sikamva penicillin, sikamva amoxicillin, ngakhale jakisoni wa gentamicin. Mankhwala ake ndi a m'dripi, ceftazidime kapena meropenem, pafupifupi milungu iwiri munthu ali m'chipatala, kenako Bactrim kwa miyezi 3 mpaka 6. Inde, Bactrim yemwe uja amene ena amalandira pamodzi ndi ma ARV. Koma wina asamve zimenezi n'kukapempha kwa aneba, ayi. Bactrim payekha, munthu atadwalika, sakwanira, ndipo ukasiyira panjira matenda amabwerera.

Kuti amalume ali ndi amenewa kapena ayi, anene ndi a labu, osati ine kapena Facebook. TB nayo imatha kubisala pakuyeza koyamba, ndiye akawauza kuti ayezenso asakane. Chachikulu abwerere kuchipatala ku Ulongue, osadikira. Amene apite nawo akafotokoze zonse: kuti ali ndi shuga, kuti amakhalira m'matope, kuti mankhwala oyamba sanathandize. Afunse mwaulemu ngati n'kotheka kuyeza magazi mwa kumeretsa kuja, kapena kuwatumiza kuno ku Tete. Dzina la matendawa ndalilemba pamwambapa kuti mukangowaonetsa adokotala. Mukaona akupuma mobanika kapena ayamba kubwebweta, musadikire kuti kuche.

Enanu a kudimba, makamaka a shuga, gulani magambutsi mvula isanayambe, bala muzilitsuka ndi sopo n'kulimanga, madzi akumwa muziphitsa kapena kuthira Certeza. Ndalama yokwerera chapa nditumiza pa M-Pesa madzulo ano, mungondiuza nditumize pa nambala ya ndani.