Musanagule ma AGV, yang'anani kaye pansi pomwe azidzayenda

Achimwene ena oyang'anira nyumba yosungiramo katundu ku Johannesburg andilembera imelo. Akufunsa kuti pa ngolo zonyamula katundu zoyenda popanda dalaivala, zija amati ma AGV, agule zotsata tepi ya maginito yomata pansi kapena zoyendera laser.

Achimwene, mwandikumbutsa masiku omwe ndinkagwira ntchito ya usiku m'nyumba yotereyi ku Britain. Ogulitsa anaonetsa mabwana athu ngolo ikuyenda bwinobwino pasimenti yosalala ngati galasi, mabwana n'kugula. Koma kuntchito kwathuko pansi panali ming'alu, ndipo ma forklift ankakhota pomwe panadutsa tepiyo. Matayala akaing'amba, ngolo inkangoima n'kumalira, ina n'kudzaima kumbuyo kwake, mpaka mzere wonse zii. Nthawi zina kapulasitiki kokha kolendewera pa pallet, thabwa lija losanjikizapo katundu, kankaimitsa ngolo, chifukwa kachipangizo kachitetezo kakaona chilichonse kutsogolo sikalola kuti iyende. Wodziwa kukonza pulogalamu yake anali kunja kwa dziko. Ife tinkakoka katundu pamanja pakati pausiku, msana ukupweteka. Mpaka lero zimandiwawa kuti madalaivala a forklift, omwe ankadziwa mng'alu uliwonse, palibe anawafunsa.

Makinawa si achilendo ayi. A Barrett Electronics ku America anapanga ngolo yoyamba yotsata waya m'zaka za m'ma 1950. A Volvo anagwiritsa ntchito ngolo zoyenda zokha pafakitale yawo ya magalimoto ya ku Kalmar ku Sweden mu 1974, ndipo padoko la Rotterdam ku Netherlands zinayamba kunyamula makontena mu 1993. A Amazon atagula Kiva Systems, kampani yopanga maloboti onyamula katundu, mu 2012 pamtengo wa madola 775 miliyoni, maloboti aja anawapatsa malo awoawo otchingidwa, pansi atamatapo zizindikiro zoti aziwerenga. Ndiye ndikunenetsa: wogulitsa amene akukutchulirani mtengo asanabwere kudzayeza pansi panu ndi kukula kwa tinjira tanu, musamumvere, kaya kampani yake ndi yotchuka bwanji.

Tsono mugule ziti?

Ngati njira ndi imodzimodzi tsiku lililonse ndipo ma forklift sadutsapo, ya tepi ndi yokwanira komanso yotsika mtengo. Ngati mumasinthasintha kaikidwe ka katundu, tengani ya laser, koma dziwani kuti mitundu ina imadalira timagalasi tapakhoma tomwe katundu wosanjikiza akhoza kutiphimba. Funsani ngati ikukwaniritsa malamulo achitetezo a ISO 3691-4, komanso ngati imamva VDA 5050, yomwe ndi njira yogwirizana yolumikizira ngolozi ndi pulogalamu yozilamulira, kuti mawa mukagula ya kampani ina zizitha kuyendera pulogalamu imodzi. Poti kwanuko magetsi amatha kuzima, onetsetsani kuti potchajira mabatire ndi Wi-Fi zili pa jenereta. Ndipo wokonza akhale wa m'chigawo chanu cha Gauteng komweko, nthawi yomwe azifika mukamuitana ilembedwe m'pangano.