Mafunso Anu: Sitima ija amati inakana kumira, nzoona?

FUNSO: Zikomo akulu, ine ndinaona pa Facebook chithunzi cha sitima yankhondo ya ku America dzina lake USS Laffey, akuti ndege za Japan zinaimenya kambirimbiri koma osamira ndipo pano anthu amapita kukaiona ngati myuziyamu. Zimenezi nzoona kapena nzongokokomeza za pa intaneti? Komanso akamati destroyer nde kuti chani?
Wowerenga wanu

YANKHO: Nzoona ndithu achimwene, sitimayi ilipo mpaka lero ku Patriots Point ku South Carolina, pafupi ndi chisitima chonyamula ndege cha USS Yorktown. Destroyer ndi sitima yankhondo yocheperako koma yaliwiro kwambiri, ntchito yake nkuperekeza zisitima zikuluzikulu ndikuziteteza kwa ndege komanso sitima za adani zoyenda pansi pa madzi.

Laffey anaipangira ku Bath Iron Works ku Maine ndipo inayamba ntchito mu February 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, pofika June inali kale ku Normandy ku France, ndipo ku doko la Cherbourg komweko chipolopolo cha mzinga wa Germany chinailowa koma mwamwayi sichinaphulike. Kenako anaitumiza ku nyanja ya Pacific kukamenyana ndi Japan.

Nkhani yomwe mwaonayo ndi ya pa 16 April 1945 kufupi ndi chilumba cha Okinawa ku Japan. Tsikulo Laffey anaiika patsogolo penipeni kuti idziona ndege za adani pa radar nkuchenjeza anzake, ndekuti aliyense wochokera ku Japan amayamba kukumana ndi iyoyo, ntchito yoopsa zedi. Ndege 22 zinaibwerera, zambiri mwa izo za kamikaze, oyendetsa ake amadziwombetsa dala pa sitima kuti afere limodzi nayo. Mu mphindi pafupifupi 80 ndege 6 zinaigunda, mabomba 4 anagwerapo, moto uli lawilawi kumbuyo konse, chiwongolero chinakanirira mbali imodzi moti sitima imangozungulira pamalo amodzimodzi osatha kuthawa. Asilikali 32 anafa, 71 anavulala. Mkulu wa sitimayo Frederick Becton anakana zoti aisiye, anyamata ena akuzimitsa moto ena akuombabe ndi mizinga yomwe inatsala. Ine chimandikhudza kwambiri ndi chimenechi, anthu amatama chitsulo koma omwe anaisunga pamwamba pa madzi ndi anyamata aja, ambiri achichepere ndithu, omwe amagwira mapaipi a madzi anzawo atagona pomwepo.

Ataikonza inabwereranso pantchito, inali ku zilumba za Bikini mu nyanja ya Pacific mu 1946 pomwe amayesa bomba la atomiki, inamenyanso nkhondo ya ku Korea, mpaka anaipumitsa mu 1975 ndipo mu 1981 inafika ku Patriots Point.

Koma dzimbiri nalo silinaisiye, pofika 2009 madzi anali akulowa pansi pake moti anachita kuichotsa kukaikonza, inabwerera mu 2012. Mukapita mumalowa mkati nkuona mogona asilikali, mophikira, ngakhale mkati mwa chipinda cha mizinga.