Masamba aja si tchire wamba, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati si chipongwe kujambula a Barack Obama, pulezidenti wakale wa America, atakhala pampando pakati pa masamba, ngati wothyola tiyi amene wakhala pansi kuti apume. Ine ndikuti ayi. Tachitsegulaninso pafoni chithunzicho, muchikulitse ndi zala, tionere limodzi.

Anachijambula ndi penti ndi Kehinde Wiley, ndipo anthu anachiona koyamba mu Febuluwale 2018 ku National Portrait Gallery, nyumba yoonetseramo zithunzi za anthu otchuka, ku Washington. Kutalika kwake kumapitirira mamita 2, choncho pafonipo tikungolawa chabe.

Diso lanu likuyamba kugwera pati? Pankhope. Ponseponse pali biriwiri, suti ndi yakuda, ndiye kuyera kwa malaya pakhosi paja kumakoka diso n'kulikweza kumaso. Ife a ku Thyolo izi si zachilendo. Mukadutsa pa Bvumbwe m'mawa kulowera kuboma, minda ya tiyi imangoti biriwiri kutalika, yobiriwira yokhayokha, koma mayi mmodzi wa duku lofiira mumamuona muli kutali. Nzeru yake ndi yomweyo.

Kenako onani kakhalidwe kawo. Sanatsamire kumbuyo monga mabwana a pazithunzi za m'maofesi. Aweramira kutsogolo, mikono aipingasa pamawondo, tayi palibe. Umu ndi mmene nkhoswe imakhalira ikamamvetsera nkhani yovuta ya m'banja, isanayankhe kanthu.

Koma chimene chimandigwira mtima ine chili kumapazi. Nthaka palibe, thambo palibe, poti diso lithawire palibenso. Masamba afika mpaka pa akakolo, ena akuyanga miyendo ya mpando, ngati akulimbirana malo ndi mwini chithunzi. Mukayang'anitsitsa muona maluwa amitundu 3: chrysanthemum, duwa la mzinda wa Chicago kumene anayambira ndale, jasmine wa ku Hawaii kumene anabadwira, ndi maluwa abuluu a kuno ku Africa okumbutsa Kenya, kwawo kwa bambo awo. Ndiye masambawo ndi mbiri yawo, yawazinga mbali zonse, ndipo wojambula sanafune kuidulira kuti pulezidenti aoneke yekha.

Ndikanakhala ndi ndalama ndikanajambulitsa amayi anga chonchi: dengu kumsana, tiyi atawafika m'chiuno, zala zawo zakuda ndi utomoni wa masamba zikuoneka bwino. Phiri la Mulanje ndikanamuuza wojambulayo asaliikemo n'komwe, poopa kuti anthu angamayang'ane phirilo kusiya amayi.