Amalume, nayi nkhani ya imelo ija

Amalume, mwaswera bwanji ku Kamwendoko? Pepani ndachedwa kuyankha, pa shopu pano panali anthu ambiri, aphunzitsi anabwera ndi mapepala a mayeso oti ndiwachitire fotokope. Uthenga wanu ndaumvetsera kawiri. Mwati ogula mtedza a ku Lilongwe aja akuuzani kuti kotesheni muzitumiza pa imelo ya kampani, osati pa Gmail ija anakutsegulirani msuweni wangayo, ndiye mukufunsa kuti imelo ya kampani amagula kuti, nanga ndi ndalama zingati. Ndayankha m'gulupu muno dala kuti achimwene amve nawo, chifukwa nawonso ndi galaja yawo ija tsiku lina adzafunsa zomwezi.

Anthuwo sikuti akukuderererani ayi. Taganizani inuyo, munthu akufuna kulipira matani 20 a mtedza, ndalama zankhaninkhani, kalata n'kuchokera pa adilesi yoti "bigman" ndi manambala kutsogolo kwake. Msuweni usakwiye, dzinali unasankha ndiwe, tonse tikudziwa. Gmail aliyense amatsegula ali chiimire. Wakuba atha kutsegula ina yofanana ndi yanu, kungosintha chilembo chimodzi, n'kulembera ogula anu kuti ndalama atumize ku akaunti ina. N'chifukwa chake a maofesi amafuna adilesi yomwe kumapeto kwake kuli dzina la bizinesi.

Tsono pali zinthu ziwiri, ndipo anthu ambiri amazisakaniza. Mukukumbukira bokosi lija agogo anali nalo ku positi ofesi pa boma pano? Nambala ya bokosi inali yawo malinga ngati akulipira chaka ndi chaka, akasiya a positi ankapatsa munthu wina. Pa intaneti chimenecho amati domain. Ndi dzina lija limabwera kumapeto kwa adilesi, monga dzinalabizinesi.com, ndipo simugula kamodzi n'kuiwala, mumachita lendi chaka chilichonse. Chachiwiri ndi kampani yosunga makalatawo, yomwe imalandira, kusunga ndi kutumiza. Imeneyo mumailipira payokha. Mutha kusamuka kwa wosunga uyu kupita kwa wina adilesi osasintha, bola dzina lija likhale m'manja mwanu.

Apa ndiye pagona nkhani, Amalume, kuposa funso loti kampani yabwino ndi iti. Dzinalo lilembedwe m'dzina lanu. Inuyo, ndi nambala ya foni yanu, ndi pasiwedi yoti mukuidziwa inu.

Ndikunena zoti zinandionekera. Ndikutsegula shopu ino kunabwera mnyamata wina waulemu wake, wodziwa makompyuta, anati mlongo musavutike, ndikukonzerani zonse. Anandikonzeradi, imelo inkayenda bwinobwino, sukulu zingapo zinkanditumizira maoda pomwepo, ndinasindikizanso adilesiyo pa malisiti ndi pa chikwangwani. Kutha chaka mnyamata uja anapita ku Joni, nambala n'kusintha. Tsiku lina ndangoona kuti sabata yatha osalandira kalata ngakhale imodzi. Kufufuza, domain inatha nthawi, ndipo uthenga wokumbutsa kulipira unkapita kwa iye chifukwa analembetsa m'dzina lake. Sindikuti anali wakuba, anangochita zomuphwekera iye. Koma ine ndinalibe poyambira. Domain ikatha amakupatsa masiku owerengeka oti ulipire, kenako mtengo wowombolera umakwera, pamapeto pake amaimasula kuti aliyense agule. Ndinataya adilesi, malisiti aja ndinayatsira mbaula, chikwangwani ndinakalembetsanso. Amayi akukumbukira mmene ndinalirira.

Ndiye wina akakuthandizani, kaya ndine, kaya msuweni, kaya wa pa kafe, mukhale pambali pake pomwe akulemba. Pa dzina la mwini alembe lanu.

Dikirani pang'ono, kwabwera kasitomala.

Eya, ndabweranso. Tinali pa domain. Ya .com imakhala madola 10 mpaka 15 pa chaka, kutengera komwe mwagula. Musakopeke ndi aja amalemba mtengo wotsika kwambiri chaka choyamba, yang'anani mtengo wa chaka chachiwiri, ndi umene muzilipira mpaka kalekale. Palinso yathu ya .mw, yomwe amayang'anira a SDNP ku Blantyre. Imeneyo imaonetseratu kuti bizinesi ndi ya ku Malawi. Koma inu poti mumagulitsanso kwa a ku Chipata kudzera pa Mwami, ine ndikanatenga .com basi, aliyense anaizolowera. Dzina likhale lalifupi, loti mutha kuuza munthu pa foni muli pa sikelo, phokoso lili tholo, iye n'kulemba osalakwitsa. Dzina lonse lija munalembetsa ku boma, la "and Sons General Dealers", musaliike lonse, palibe angalilembe molondola.

Tsopano osunga makalata. Odziwika ndi atatu.

Google ali ndi yawo yolipira, amati Google Workspace. Ubwino wake ndi woti mukatsegula ndi Gmail yomweyo munaizolowera, mabatani omwewo, kungoti adilesi ndi ya bizinesi. Yotsikitsitsa imapatsa munthu aliyense malo okwana 30 GB, pomwe Gmail yaulere ndi 15 GB, ndipo mtengo ndi pafupifupi madola 7 pa munthu mmodzi pa mwezi. Mumve bwino pamenepo, pa munthu, pa mwezi. Mukakhala atatu ndi madola 21 mwezi uliwonse, pa chaka apitirira 250. Microsoft nawo ali ndi yawo ya Outlook, mtengo sutalikirana ndi wa Google, imabwera ndi Word ndi Excel za pa intaneti. Imeneyo imakomera a maofesi okhala pa kompyuta tsiku lonse. Inu ntchito yanu ili pa foni ndi m'kope la sikelo, ndiye tiisiye.

Yachitatu ndi Zoho, kampani ya ku India. Ndi imene ndikugwiritsa ntchito ine chiyambire tsoka lija. Ali ndi yaulere ya anthu osapitirira 5, aliyense 5 GB, pa domain imodzi. Vuto lake yaulereyi simungailumikize ku Gmail ya pa foni kapena ku Outlook, muyenera kuika pulogalamu yawo ya Zoho Mail kapena kutsegula pa intaneti. Yolipira yotsika ndi dola imodzi pa munthu pa mwezi, kulipiriratu chaka chonse. 5 GB ingaoneke yochepa, koma makotesheni ndi mainvoisi ndi timapepala topepuka, mutha zaka musanadzaze, bola msuweni asamatumiziremo mavidiyo a mpira.

Ndiye mukandifunsa ine, yambani ndi Zoho. Sindikuti imaposa Google, ayi, ya Google ndi yosalala ndipo imasefa bwino makalata achabechabe. Koma nkhani ndi madola. Makampani onsewa salandira Airtel Money kapena Mpamba, amafuna khadi la ku banki la Visa kapena Mastercard lololedwa kulipira kunja. Mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, mabanki amaika malire pa makhadi, mwezi wina khadi limangokana. Likakana kangapo amaimitsa akaunti, ndipo zimakonda kuchitika nthawi yolakwika, mwina mu June mtedza uli mbwee, ogula akudikira kotesheni. Kumbukiraninso November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, chilichonse cholipira m'madola chinangodumpha. Choncho chinthu cholipira kamodzi pa chaka, ndalama yochepa, n'chimene chingakugoneni tulo. Lipirani nthawi ino ya malonda ndalama zili m'manja, ndipo domain ngati n'kotheka mulipiriretu zaka ziwiri kapena zitatu. Musayembekeze February, nthawi yoti aliyense ali pa ngongole ya feteleza.

Pali njira inanso. Makampani ena a m'dziko momwe muno amagulitsa malo a webusaiti, imelo n'kukhala ngati basela, ndipo mumalipira makwacha. Kulipira makwachako ndi kwabwino ndithu. Koma muwafunse mafunso awiri: domain ilembedwa m'dzina la ndani, ndipo makalata anu akamagwera mu spam, bokosi la makalata achabechabe, kwa olandira, akonza ndani? Chifukwa pa makina amodzi amaunjikapo makasitomala ambiri, mmodzi akamatumiza zachinyengo, fungo limagwira nonse. Akayankha mozungulira, tsanzikani.

Chinthu china chopulumutsa ndalama. Musalipire mabokosi ambiri. Mumatsegula limodzi, kenako n'kulipatsa maina owonjezera, amati alias. Mwachitsanzo malonda@ ndi info@, zonse zimagwera m'bokosi limodzi lomwelo ndipo maina owonjezerawo salipiritsa. Wogula amaona ngati kampani ili ndi maofesi angapo, chonsecho ndi inu nokha muli pa khonde la sitolo. Kalaliki wanu uja mukafuna kuti azilemba nawo, mutsegulireni bokosi lake, musamupatse pasiwedi yanu. Tsiku lomwe adzachoke mumangotseka lakelo, makalata onse a makasitomala amatsala kwa inu. Akamalemba pa Gmail yake, akachoka amapita ndi ogula anu m'thumba.

Za kulumikiza musade nazo nkhawa, ndidzapanga ndine inu mukuona. Pali timizere tomwe timakopera kuchokera kwa wosunga makalata n'kukaika komwe tagula domain. Kena amati MX, ndi kamene kamalozera makalata komwe akagwere. Tina ndi SPF, DKIM ndi DMARC, tili ngati chidindo cha amfumu pa kalata, chotsimikizira kuti yachokeradi kwa inu. Anyamata ambiri amaika MX yokha, akaona kalata yalowa amati ntchito yatha, n'kulandira ndalama. Koma kuyambira February 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsa, kalata yopanda chidindo imakanidwa kapena kuponyedwa mu spam. Inu mudzati ndatumiza, wogula adzati sindinalandire, n'kuyamba kukayikirana popanda wolakwa. Tikamaliza zimatenga maola angapo, nthawi zina tsiku limodzi kapena awiri, kuti zikhazikike, ndiye tisadzachite izi m'mawa wa tsiku lotumiza kotesheni.

Pasiwedi, Amalume, chonde. Isakhale chaka chanu chobadwa, isakhale dzina la mwana wanu woyamba, ndiponso isakhale ija ya pa Facebook. Tidzaikanso loko yachiwiri, yoti munthu akafuna kulowa pa foni yachilendo azifunsidwa nambala yomwe imabwera pa foni yanu. Amaperekanso manambala osungira, oti foni ikatayika mulowere. Amenewo tidzalemba pa pepala, muike m'sutikesi muja mumasunga ziphaso za malo ndi pepala la TPIN. Foni imagwera m'madzi, imabedwa pa msika, koma sutikesi ija ndikuidziwa, ngakhale ife sitinaitsegulepo.

Ndipo mukayamba kugwiritsa ntchito, mudzalandira makalata oopseza. Ena adzati bokosi lanu ladzaza, dinani apa mulembe pasiwedi. Ena adzanamizira banki kapena MRA. Musadine, nditumizireni chithunzi pa WhatsApp ndione kaye. Choopsa kwambiri ndi kalata yooneka ngati yachokera kwa munthu amene mumachita naye malonda, yoti tasintha akaunti ya ku banki, ndalama mutumize uku. Ikabwera yotero muimbireni mwini wakeyo pa nambala yomwe muli nayo kale, osati yolembedwa m'kalatamo. Ogula anunso muwauziretu kuti akaunti yanu ndi imodzi, akamva zosintha akuimbireni.

Kotesheni muzitumiza ngati PDF, osati chithunzi cha pepala chojambula pa thumba la mtedza chala chikuoneka pakona. Ndikukonzerani pepala la mutu wa bizinesi, lokhala ndi dzina, TPIN ndi nambala ya foni, muzingosintha kuchuluka ndi mtengo. Zithunzi za katundu muzitumiza ziwiri zitatu, kalata imodzi siinyamula zopitirira 25 MB, komanso netiweki ya kwanuko madzulo mukuidziwa. Bandulo musadandaule, imelo yopanda zithunzi imadya data yochepa kuposa uthenga wa mawu ngati uno. Chachikulu ndi kutsegula. Imelo nthawi zina siilira monga imachitira WhatsApp, ndiye muziyang'ana m'mawa musanatsegule sitolo ndi madzulo mukamawerengera ndalama. A maofesi akadikira masiku awiri amapita kwa wina.

Gmail yakale ija musaitaye. Mwina ndi imene munalembetsera ku banki ndi ku Msonkho Online, ndipo foni yanu yonse yamangiriridwa pamenepo. Tidzaiuza kuti makalata obwera kumeneko azidutsira ku yatsopano, kenako pang'onopang'ono muziwauza anthu adilesi ina.

Loweruka nditseka 12 koloko, ndikwera minibasi ndifika kumeneko cha m'ma 1. Mukonzeretu chiphaso cha unzika, satifiketi ya bizinesi, khadi la ku banki, ndipo foni ikhale yodzaza moto. Muimbirenso ku banki mawa mufunse ngati khadilo ndi lotsegula kulipira kunja, likakhala lotseka tidzagwiritsa langa inu n'kundibwezera, koma dzina lidzakhala lanu ndithu. Muganizire maina atatu, chifukwa loyamba mwina tidzapeza wina anatenga kale. Msuweni, "bigman" palibepo pa atatuwo. Ndipo mundisungireko ka ndowa ka chalimbana, amayi akhala akundikumbutsa kuyambira sabata yatha.