Za mtima wafunsa zija, mng'ono wanga

Eee mng'ono wanga, ndaliona funso lako pagulupu, akuti matenda a mtima amayamba bwanji, kodi ndi akumtundu. Iwe amene umangotumiza zithunzi za ma shuzi, lero wasanduka nesi? Ndimakudziwa ine, pali chimene chakuopsa.

Chabwino. Mtima ndi pampu, mitsempha ndi mapaipi ake. Mafuta akamakanirira mkatimo njira imachepa, magazi amadutsa mokakamiza, tsiku lina potsekeka. Kukatsekeka kumtima ndiye kuja munthu amagwira pachifuwa, thukuta kamukamu, ululu mpaka kudzanja ndi kunsagwada. Kukatsekeka kapena kuphulika kuubongo ndiye sitiroko.

Ukuwakumbuka amalume chaka chija cha maliro a agogo... ayi ndanama, chinali chaka chotsatira, titakolola kale. Munthu wamphamvu uja, thumba la chimanga ankanyamula yekha kukweza pangolo, ndiwo asanalawe n'komwe dzanja lili kale m'kambale ka mchere, fodya wopichira uja osachoka pakamwa. Kuchipatala anawapeza ndi BP, anamwa mapilitsi mwezi umodzi basi, amvekere ndachira ine, mutu sukuwawanso. M'mawa wina akusukusula pakhonde kapu inangowapulumuka, kukamwa kwapotokera mbali imodzi, mawu osamveka. Ndiye anthu m'malo mothamangira kuchipatala anayamba zoti awalodza chifukwa cha dimba lija, tsiku lonse linathera pamenepo. Mpaka lero mwendo uja amachita kukoka, ndikawaona mtima umandiwawa.

Zakumtundu zilipo ndithu, koma mchere, fodya, mowa, shuga ndi kunenepa zimawonjezera moto. Mchere a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma womwe.

Koma iwe sukufunsa zimenezo, ukufunsa za amayi aang'ono, eti? Ndinamva kuti asiya mankhwala ati akupeza bwino. BP siimveka m'thupi mwanawe, munthu amatha kuyenda nayo yopitirira 140 pa 90 akuseka bwinobwino. Apite kuchipatala akayezetse, ayambirenso kumwa monga anawauzira adokotala.

Wandimva? Mankhwala aja sasiya chifukwa choti mutu waleka kuwawa. Uwaperekeze wekha, usatume mwana, ndipo nawenso ukapereke mkono wakowo akuyeze konko. Ya minibasi ndikutumizira madzulo ano, Lolemba mupite, undiuze manambala amene atuluke.