Thanki yobiriwira kuseri kwa nyumba: chisanu chidzadya ndalama zingati?

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku County Tyrone, ku Northern Ireland, wanditumizira imelo. Funso lake ndalifupikitsa motere:

"Ndangolowa kumene m'nyumba ya lendi ya zipinda zitatu ndi ana anga awiri. Kuseri kuli chithanki chobiriwira. Landilodi wangoti mafuta otenthetsera nyumba ndizigula ndekha, ndipo otsalamo ndi ochepa. Kuntchito wina akuti £600 ikwana chisanu chonse, wina akuti ndikonzekere £1,500. Ndimvere uti? Nanga ndalamazo ndizipeza bwanji pomwe kumudzi akundiyang'ananso ine?"

Achemwali, anzanuwo onse akhoza kukhala akunena zoona, koma aliyense akunena za nyumba yake. Wina amakhala m'kanyumba kopanikizika pakati pa nyumba ziwiri, makoma a aneba akumufunditsa uku ndi uku, ndipo tsiku lonse amakhala ali kuntchito. Winayo ali m'nyumba yakale yoima payokha pamtunda, mawindo olowa mphepo, mwana wakhanda ali momwemo. Choncho nambala yoti muidalire musaifunse kwa munthu. Ili m'thanki yanu yomweyo, ndipo masabata awiri ndi okwanira kuti muidziwe.

Mafuta amenewa ndi parafini, ogulitsa amati kerosene kapena 28-second oil. Ku Northern Ireland nyumba zoposa theka zimatenthetsedwa ndi iwowa, chifukwa mapaipi a gasi anachedwa kufika ndipo kumidzi yambiri sanafikebe. Mtengo wake palibe amauikira malire. Malire a mitengo amene mumamva pa nkhani, a bungwe loyang'anira mitengo la Ofgem aja, ndi a gasi ndi magetsi ku England, Scotland ndi Wales. Utility Regulator ya ku Northern Ireland nayo imayang'anira magetsi, gasi ndi madzi, parafini ayi. Mtengo umangotsata msika wa mafuta padziko lonse, mphamvu ya paundi poyerekeza ndi dola, ndiponso kuchuluka kwa anthu amene akuimba foni sabata imeneyo. Mu 2020, mliri wa Covid utaimitsa ndege, malita 500 sankafika ndi £200 yomwe. Mu Malichi 2022, Russia italowa m'dziko la Ukraine, malita 500 omwewo anapitirira £600. Ndiye mnzanu akati "ine ndinawononga zakutizakuti", mufunseni chaka chake, ndipo koposa zonse mufunseni malita, osati mapaundi.

Tsopano kayezedwe. Thanki zina zili ndi kachubu koonekera mkati kamene kamaima m'mbali mwake, zina zili ndi kachipangizo kolumikiza pasoketi kukhitchini kamene kamaonetsa timizere. Zonsezi zimathandiza, koma timizereto timangokuuzani mwachisawawa, ndipo kachubu kaja kamatha kunama ngati simunakoke kapena kudina kavalavu kake kuti mafuta alowemo mwatsopano. Ine ndimakhulupirira ndodo. Pezani kandodo kowongoka, kouma ndi koyera, katalikeko kuposa kuya kwa thanki. Tsiku lobwera galimoto ya mafuta, tsegulani chivundikiro, viikani ndodo mpaka igunde pansi, ndipo lembani chizindikiro pomwe yalekeza kunyowa. Akathira, viikaninso. Tiyerekeze kuti mwagula malita 500 ndipo mafuta akwera ndi masentimita 40. Ndiye kuti sentimita imodzi ndi malita 12 ndi theka. Pakatha masabata awiri mukapeza atsika ndi masentimita 8, mwatentha malita 100, amene ndi pafupifupi malita 7 patsiku. Masamuwa amayenda bwino pa thanki ya makoma oongoka. Ikakhala yamimba yobulungira, chapakati sentimita imasunga mafuta ambiri kuposa chapansi ndi chapamwamba, ndiye muziyeza kangapo ndipo musamadalire chiwerengero chimodzi.

Malita 7 patsikuwo ngati ndi a mu Novembala, musawachulukitse ndi masiku onse a chisanu n'kuti mwatha. Okutobala ndi Epulo amadya ochepa, mwina 4 kapena 5 patsiku. Disembala, Januwale ndi Febuluwale ndiye zilombo, 8 kapena 9 patsiku, ndipo kukagwa chipale amapitirira pamenepo. Malichi amanyenga: dzuwa limawala, maluwa achikasu aja ayamba kutuluka m'mbali mwa misewu, koma kuzizira kumakhala kofanana ndi kwa Novembala. Mukaphatikiza miyezi isanu ndi iwiriyi pa chitsanzo chathuchi mupeza malita pafupifupi 1,500. Onjezani ena 200 a madzi osamba m'miyezi yofunda. Tingoyerekeza kuti lita ili pa 65p, ndiye kuti chaka chonse ndi £1,100 kapena kupitirirako pang'ono, kutanthauza £90 ndi kakusintha mwezi uliwonse. Mtengo weniweni wa lero muikemo nokha. Consumer Council, bungwe loteteza ogula la ku Northern Ireland, imaika pa intaneti mitengo ya malita 300, 500 ndi 900 m'dera lililonse, ndipo musanaimbire kampani iliyonse yambani mwaona pamenepo.

Kuti muone ngati nyumba yanu ikudya mopitirira, nayi njira ina. Lita imodzi ya parafini imapereka mphamvu yoposa pang'ono 10 kWh (kWh ndi yuniti ija ya pa mita ya magetsi). Mu 2023 Ofgem inati banja lapakatikati logwiritsa ntchito gasi limatentha 11,500 kWh pachaka, zomwe zikufanana ndi malita pafupifupi 1,100. Nyumba za mafuta zambiri ndi zakale ndiponso zoima pazokha, ndiye kupitirira pamenepo si zachilendo. Koma nyumba ya zipinda zitatu ikamalowera ku malita 2,500, pali chimene chalakwika: boiler, makina otentha mafutawo kuti afunditse nyumba, ndi yokalamba kapena sinakonzedwe kwa zaka, kudenga kulibe zofunditsa, thanki kapena paipi ikudontha, apo ayi wina akukuthandizani kumwa usiku. Pemphani landilodi akuonetseni chikalata cha EPC, chimene chimaika nyumba pa mlingo wa A mpaka G molingana ndi mmene imadyera mphamvu (A ndiyo yosadya zambiri). Mukaona E kapena F, dziwiranitu kuti mnzanu wa £1,500 uja ndi amene ali pafupi ndi inu.

Mfundo imene ndikufuna muigwiritse ndi ya kagulidwe, chifukwa ndi pamene anthu athu ambiri amaluzira ndalama. Thanki ija ndi nkhokwe. Wogula matumba nthawi yokolola ndi wogula ndowa imodziimodzi mu Febuluwale amadya nsima yofanana, koma winayo walipira kawiri. Malita 900 amatsika mtengo pa lita kuposa 500, ndipo 500 amatsika kuposa 300, popeza ulendo wa galimoto ndi umodzi womwewo. Zoipa kuposa zonse ndi zigubu za malita 20 zimene amagulitsa pa filling station. Zimaoneka zachifundo chifukwa ndalama yotuluka m'thumba tsiku limenelo ndi yochepa, koma pa lita ndi zodula koopsa, ndipo mu Januwale chigubu chimodzi ndi cha masiku awiri basi. Munthu akangolowa m'chizolowezi cha zigubu satulukamo msanga, chifukwa ndalama imene akanasonkhanitsa kuti aitane galimoto imathera momwemo sabata ndi sabata. Chigubu ndi cha usiku umene zinthu zathina, osati cha chisanu chonse.

Kawirikawiri mitengo imafewa m'miyezi yofunda, anthu akaiwala za kuzizira, ngakhale kuti nkhondo kapena chipwirikiti cha msika chikhoza kusokoneza zimenezi chaka china. Chosasintha ndi ichi: sabata imene kwalengezedwa chipale, kapena masiku oyandikira Khirisimasi, aliyense amaimba nthawi imodzi, magalimoto amachepa, ndipo wofuna mafuta mawa lomwe amalipiritsidwa zoonjezera. Itanitsani thanki ikatsala kota. Musadikire iume. Boiler ikakoka mpweya m'malo mwa mafuta imazima n'kukana kuyaka ngakhale mutathira ena, mpaka wina achotse mpweyawo m'paipi, ndipo ngati simudziwa kachitidwe kake ndiye kuti mulipira mmisiri. Pansi pa thanki pamakhalanso matope ndi madzi a zaka zambiri, amene amatseka sefa akakokedwa.

Nanga £300 kapena £500 ya nthawi imodzi ichokera kuti? Tsegulani kathumba kapadera mu akaunti yanu ya kubanki, ndipo tsiku lolandira malipiro £90 ija izilowamo yokha musanatumize kalikonse kwina, ngakhale mu Julayi. Makampani ambiri a mafuta ali ndi dongosolo lolipira pamwezi. Ndi labwino kwa munthu amene ndalama sizimukhala m'manja, koma limakumangirirani kwa wogulitsa mmodzi, ndiye simungathamangirenso kumene kwatchipa. Makhonsolo ena ali ndi masitampu a mafuta a £5 imodzi, ogula m'mashopu a m'dera n'kumamata pakhadi, kenaka khadilo n'kulipirira mafuta. Funsani kukhonsolo yanu ngati aliko. Housing Executive, bungwe la boma loona za nyumba, nayo ili ndi gulu logulira mafuta pamodzi, Oil Savings Network, lolowa ulere, ndipo si la okhala m'nyumba zawo okha. Ngati muli Amalawi anayi kapena asanu m'tauni imodzi, chipereganyu cha mafuta chimagwira ntchito bwino kwambiri: aliyense £100 pamwezi, wolandira mwezi umenewo adzaze thanki. Chiyambike mu Meyi kapena Juni kuti womaliza alandire kuzizira kusanafike pachimake, ndipo wa mwana wakhanda ayambe ndiye.

Za kuchepetsa kadyedwe, zambiri mumva kwa aneba, ndingotchula zimene zimaonekadi pandodo ija. Boiler ya m'nyumba ngati yanuyo imamwa malita awiri kapena kuposerapo pa ola lililonse limene moto uli buu, choncho ntchito yonse ndi kuchepetsa maola amenewo. Pezani kabokosi ka nthawi, kamene kamakhala kukhitchini kapena pafupi ndi thanki ya madzi otentha, mukatchere molingana ndi mashifiti anu: kayatse theka la ola ana asanadzuke, kazime musanatuluke, kayatsenso pobwera kusukulu. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndiye makatani atsekedwe nthawi yomweyo, koma asaphimbe radiator. Thermostat, kachipangizo kotcherera kutentha kwa m'nyumba, ikhale pakati pa madigiri 18 ndi 21. Kuipotokola mpaka 30 sikufulumizitsa kanthu, kumangochititsa boiler kusapuma. Kunja kukakhala madigiri 5 ndipo mkati mukufuna 20, boiler ikulimbana ndi kusiyana kwa madigiri 15, ndiye digiri iliyonse imene mwatsitsa mwadulako gawo limodzi mwa magawo 15 a ntchito yake. Chipinda chosagonamo munthu, valavu ya radiator ikhale pa 1 kapena 2 ndipo chitseko chitsekedwe.

Koma musafike pozimitsiratu n'kumagona ndi majekete. Akatswiri a zaumoyo ku Britain amalangiza kuti zipinda zokhalamo zisatsike pa madigiri 18, makamaka pakakhala ana, okalamba kapena wodwala mphumu. Nyumba yozizira imagwira chinyezi, makamaka mukamayanika zovala mkati ndi kuphika nyemba mawindo ali chitsekere. Posakhalitsa m'makona ndi kuseri kwa wadiropu mumada bii ndi chuku, ana ayamba kutsokomola, ndipo potuluka landilodi adzadula dipoziti. Ma heater a magetsi aja nawo si chipulumutso. Kutentha kofanana, magetsi nthawi zambiri amadula katatu kapena kanayi kuposa parafini, ndipo muona mayunitsi a pa keypad, mita ya magetsi yolipiriratu, akuthamanga. Ndi othandiza pofunditsa chipinda chimodzi kwa kanthawi, osati nyumba yonse.

Ili lokha ndilankhula mokalipa: mbaula, makala kapena chowotchera nyama cha panja zisalowe m'nyumba, ngakhale mafuta atatha pakati pa usiku. Nyumba za kuno ndi zomatidwa paliponse, ndipo mpweya wa carbon monoxide sununkha, suoneka, umapha anthu ali mtulo. Boiler yosakonzedwa nayo ikhoza kuutulutsa. Kuyambira 2024 malamulo a ku Northern Ireland amafuna kuti landilodi aike ma alamu a utsi, a kutentha ndi a mpweya umenewu m'nyumba za lendi. Dinani batani muone ngati ikulira. Mufunseninso kuti boiler inakonzedwa liti komaliza. Imayenera kuonedwa kamodzi pachaka, makamaka ndi mmisiri wolembetsedwa ku OFTEC, bungwe lovomereza amisiri a ma boiler a mafuta, ndipo pangano lanu la lendi liyenera kunena amene amalipira, amene nthawi zambiri ndi mwini nyumba.

Musawerengere thandizo la boma. £600 imene mabanja a ku Northern Ireland analandira kumayambiriro kwa 2023 inali ya nthawi imeneyo yokha. Ndipo ngati visa yanu ili ndi mawu akuti "no recourse to public funds", monga zilili ndi ambiri obwera pa ntchito yosamalira okalamba, mathandizo ena mukawalandira mwaphwanya malamulo a visayo. Musanalembe fomu iliyonse funsani a Advice NI, uphungu wawo ndi waulere.

Za kumudzi, auzeni poyera kuyambira pano kuti kuyambira Novembala mpaka Malichi zotumiza zichepako ndi ndalama yakuti. Nthawi yake ndi yoipa, ndikudziwa, chifukwa ndi miyezi yomweyo ya feteleza, fizi ya Januwale ndi njala. N'chifukwa chake thanki imayenera kudzazidwa mu Ogasiti kapena Seputembala, pomwe mbali zonse ziwiri zikupumako.

Kwa chaka chino, poti mwalowa kale ndipo mafuta ndi ochepa, sabata ino jambulani mlingo wa m'thanki ndi foni n'kutumiza chithunzicho kwa landilodi, kuti tsiku lotuluka pasadzakhale mkangano wa amene anasiya angati. Imbirani makampani atatu, aliyense akuuzeni mtengo wa malita 500 ndi VAT yomwe, imene pa mafuta a m'nyumba ndi 5 peresenti. Funsaninso kukula kwa thanki musanaitanitse 900, chifukwa sadzaza mpaka pakamwa. Gulani loko wa pachivundikiro. Mukayeza masabata awiri oyamba, nditumizireni masentimitawo ndi mwezi wake, tidzawerengere limodzi tsiku loitanitsa ulendo wachiwiri.