Medicaid ya ku Maryland siyenda nanu ku Texas

Achemwali, mwafunsa ngati khadi lanu la Medicaid, inshuwalansi ya zachipatala ya boma ku America yothandiza anthu opeza zochepa, lidzagwirabe ntchito mukasamuka ku Maryland kupita ku Texas. Ayi ndithu, khadi lanulo mukangosamuka latha ntchito. Mudzayenera kutseka Medicaid ya ku Maryland n'kukalembetsa mwatsopano ku Texas, ndipo ndisakunamizeni, mwina akakukanani.

Nkhani yake ndi iyi. Lamulo la Affordable Care Act la 2010 linkafuna kuti akuluakulu opeza ndalama zosapitirira 138 peresenti ya mlingo wa umphawi alowe mu Medicaid, koma mu 2012 khoti lalikulu la ku America linagamula kuti state iliyonse isankhe yokha. Maryland inavomera. North Carolina inazengereza mpaka 2023. Texas ndiye yakanitsitsa mpaka lero, moti munthu wamkulu wopanda ana, wopanda chilema komanso wosayembekezera, ngakhale akhale wosauka chotani, nthawi zambiri salandiridwa.

Ine zinandionekera nditasamuka. Ndinapita kukagula mankhwala a BP, mtsikana wa pakauntala n'kuyesa khadi kawiri, kenako n'kundibwezera akupukusa mutu. Ndinalipira za m'thumba, mwezi umenewo ndalama ya kumudzi sinapite.

Choncho musanapakire katundu, tengani mankhwala okwanira ndi makope a mapepala anu akuchipatala. Mukafika, muli ndi masiku 60 oti mulembetse inshuwalansi pa HealthCare.gov, webusaiti ya boma yogulirapo inshuwalansi ya zachipatala, musadikire kuti muyambe mwadwala. Ngati mwapeza ntchito yatsopano yomwe ili ndi inshuwalansi, funsani tsiku lenileni limene iyambire.

Pezani navigator, munthu wothandiza anthu kulembetsa inshuwalansi, amathandiza ulere. Koma ngati nkhani ya mapepala anu okhalira m'dzikomo ili pakati, onanani kaye ndi loya wa za imigireshoni musanasayine fomu iliyonse.